Nkhope ya Woyimba pa Positikhadi ndi Bwalo la Kuchigwa

M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, pamene sitima zapamadzi zinali kukwera mtsinje wa Shire kudzakocheza ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi ku Chiromo, ndiponso pamene njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, anthu a ku Ulaya anali atagwidwa ndi chilakolako chotumizirana mapositikhadi; ndipo ambiri a iwo ankasunga mosamala makhadi a oyimba opera, akatswiri aja amene sewero lonse amachita kuliyimba. Enrico Caruso, amene mawu ake anajambulidwa ku Milan m'chaka cha 1902, ndi Nellie Melba, mfumukazi ya Covent Garden ku London, nkhope zawo zinkayenda pa mtengo wa sitampa imodzi kukalowa m'makomo a anthu amene sanapondepo m'nyumba ya zisudzo.

Wojambula khadi lotere anali ndi mtolo wolemera, pakuti anayenera kuonetsa woyimba atamulanda chinthu chokhacho chimene chinamutchukitsa, ndicho mawu ake. Chotero ankamuveka zovala za m'sewero, namuimika patsogolo pa nsalu yolembedwapo nsanamira kapena munda wa maluwa, nalola kuwala kumugwera mbali imodzi, chibwano chili m'mwamba, chifuwa chitadzala mpweya, dzanja lili pa lupanga kapena pamtima, kuti woona ayambe yekha kuimva nyimboyo m'mutu mwake. Kwa ine makhadi opambana ndi amene woyimba watseka pakamwa. Pakuti kukamwa koyasama papepala kumangotikumbutsa kuti palibe chikumveka, pamene milomo yotseka imatisiya tikudikira. Koma mphamvu yeniyeni ya khadilo inali m'munsi, pamene ankasindikizapo dzina la woyimba ndi dzina la munthu amene ankamusewera. Chifukwa cha mzere umenewo, woona khadilo amatha lero kudziwa kuti uje anali ndani, atavala chiyani.

Makhadi a kwathu kuno a nthawi yomweyo anali a sitima, a madoko ndi a nyumba za boma. Ndipo munthu wakuda akaonekapo, kawirikawiri ankangotchulidwa mtundu wake kapena ntchito yake, ngati kuti makolo ake sanamutche dzina. Komatu chigwa cha Shire sichinali chopanda zisudzo. Amang'anja anali ndi Nyau zawo, zimene zimaseka waulesi, wachiwerewere ndi mlendo wodzikuza pamaso pa mudzi wonse. Analinso ndi likhuba, gule wa ng'oma zambiri zochunidwa mawu osiyanasiyana pomata phula pachikopa. Ndipo Asena anali ndi utse ndi ulimba. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi ulimba usiku ku Nsanje akudziwa mmene anthu atatu amagawanira mbale za mtengo zomwezo, wina kumawu aang'ono, wina pakati, wina kumawu aakulu, ndodo zawo zikulowana popanda kugundana, pamene pansi pa mbale iliyonse pali chikho chobowola chomatidwa kansalu ka kangaude kamene kamachititsa mawuwo kunjenjemera.

Tsono ngakhale wojambula wa mtima wabwino akadafika, luso la positikhadi likadamugonjera pabwalo. Opera ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo woyimba amadziwa kumene kuli maso. Bwalo nlozungulira, ndipo wotsogolera nyimbo sakhala kanthu popanda ovomera, monganso wovina sasuntha phazi ng'oma isanamuitane. Kumuchotsa mmodzi n'kumuimika payekha patsogolo pa nsalu kukadakhala kunamiza woona. Za Nyau ndiye n'zoposa apo, pakuti mwambo wake umaletsa ndithu kuulula dzina la munthu wovina chilombo, ndipo ameneyo ndi ulemu woyenera kuusunga. Koma wang'oma, waulimba ndi mayi wopeka nyimbo pamtondo sanali obisika; mudzi unkawadziwa, midzi yoyandikana inkawaitana, ndipo kusowa kwa mayina awo m'mabuku kumandipweteka.

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1958 Hugh Tracey anafika m'chigwa muno ndi makina ake ojambulira mawu, najambula nyimbo za Amang'anja, kuphatikizapo ng'oma za likhuba, m'boma la Port Herald. Ndipo iyenso anali ndi makhadi ake, amene ankalembapo dzina la wotsogolera, malo, chilankhulo ndi choyimbira. Zonsezi zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa m'chaka cha 1954, ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Kumeneko kuli mawu a agogo athu, ngakhale zidzukulu zawo zambiri sizinawamvepo.

Pambuyo pake nkhani ya kuchigwa inakwera pa nsanja ya kumizinda, pamene Steve Chimombo analemba sewero lake la The Rainmaker, losindikizidwa m'chaka cha 1978, lonena za Mbona amene kachisi wake ali ku Khulubvi. Apo dzina la mlembi linalembedwa, ndipo n'chifukwa chake likutchulidwabe.

Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba, ndipo magule a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amajambulidwa pa chikondwerero chilichonse, n'kumwazidwa pa Facebook dzuwa lisanalowe. Ojambula ambiri amaima chapatali, nathamangitsa foni uku ndi uku, osasankha pamene kuwala kukugwera, osayandikira manja a waulimba, pamene pali luso lonse. Woyendetsa mwambo amatchula mlendo wolemekezeka, mafumu ndi maudindo awo onse, kenaka dzina la gulu ndi mudzi umene lachokera. Koma mkulu amene wakhala pansi ng'oma zitamuzungulira, amene anawamba zikopazo pamoto m'mamawa namata phula mpaka iliyonse italira mawu ake, amabwerera kwawo popanda womufunsa kuti ndinu yani.