Za Kutanthauzira Maina a Nsomba Zazing'ono

Aphunzitsi anzanga, masewera aja odzaza mau m'timabokosi, amene Azungu awacha crossword, anayamba kusindikizidwa m'nyuzipepala ya New York World m'caka ca 1913, ndipo ena a ife tiwapatsa ana m'sukulu kuti anole nao nzeru. Ali abwino ndithu, pakuti afanana ndi zirapi za makolo athu. Koma ciripo cirema cimodzi mwa olemba mafunso ace, ndico ca kutanthauzira dzina mwaulesi.

Taonani funso lotere: nsomba yaing'ono, malembo asanu. Mwana wina alemba usipa, wina utaka, wina bonya, ndipo palibe wolakwa. Likati malembo asanu ndi awiri, matemba alowa, kapenta nayenso alowa. Wina adzati, Mau opingasa adzaweruza mlanduwo. Koma usipa ndi utaka ayamba ndi lembo limodzi, natsiriza ndi limodzi. Ndipo matemba ndi kapenta agwirizana pa lembo laciwiri, lacinai ndi lotsiriza. Tsono mwana angoombeza, osaphunzira kanthu.

Tanthauzo loona lisiyanitsa cinthu ndi cinzace. Usipa ndiwo nsomba yoonda, yoyera mbee, ya m'Nyanja ya Malawi, imene asodzi aikopa ndi nyali usiku, naigwira ndi khoka la cirimira. Ndipo ukali waung'ono aucha bonya. Utaka ndiwo mbale wace wa cambo, pakuti waukazi asunga mazira ndi ana m'kamwa, cimene usipa sucita. Matemba akhala m'mitsinje ndi m'madambo, nacuruka m'Nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, nidzalanso. Kapenta kwao ndi ku Nyanja ya Tanganyika. Anthu anamtengera ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo anatsika ndi Zambezi kufikira ku Cahora Bassa. Kodi zinai izi tingazimange ndi luzi limodzi?

Ngakhale malamulo a cinenero azilekanitsa. Timati usipa uwu, utaka uwu, monga timati ufa uwu. Koma timati matemba awa. Wolemba funso wocenjera angathe kulozera yankho ndi mau ogwirizana omwewa.

Ndibvomera kuti funso la m'masewera liyenera kukhala lalifupi, ndi kubisa yankho pang'ono. Koma kubisa kuli kwina, kusokoneza kuli kwina. Cirapi cabwino cikamasulidwa, onse abvomereza kuti yankho lace ndi lomwelo basi. Lembani cotere: nsomba yoonda ya m'Nyanja ya Malawi yotsata nyali usiku, kapena, mlendo wa ku Tanganyika wokhala ku Kariba. Mau ali owerengeka, koma khomo lace ndi limodzi.

Mlanduwu suli waung'ono monga nsombazo. Mwana wa kumtunda aziona zouma pamsika pokha. Ndipo ife tikamphunzitsa kuti zonse ndizo tinsomba, maina anai adzasanduka limodzi m'kamwa mwace, ndi nzeru za asodzi zidzatayika pamodzi nao. Cifukwa cace musanalembe tanthauzo pabolodi, funsani msodzi kapena mai wogulitsa ndiwo, nimuyese tanthauzolo ndi funso ili: Kodi liyenera nsomba yina? Likaiyenera, lifafanizeni, mulembenso.