Phale la ku Mankhamba ndi Mbiya za ku Bowe

Pamene Manolis Andronikos anafukula manda achifumu ku Vergina, m'dziko la Agiriki, m'chaka cha 1977, pabwinja la Aigai, likulu lakale la Macedonia, napeza bokosi lagolide limene ambiri amati linasunga mafupa a mfumu Philip II, dziko lonse linazizwa. Koma ife tisadziyese amphawi, pakuti nafenso tili nalo bwinja lachifumu ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene a Kalonga ankaweruzira Amaravi, kumenenso Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu, zibenthu za mbale za ku China, ndi mapale ambirimbiri a mtundu wotchedwa Mawudzu.

Mikanda ndi mbalezo zinadza ndi amalonda, ndipo zingochitira umboni chuma cha mfumu. Koma phale ndilo lichitira umboni dzanja la mwini dziko. Mgiriki ankaumbira pa njinga yozungulira, nakometsa mtsuko wake ndi zithunzi za ngwazi ndi milungu. Mayi wa ku Bowe, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, alibe njinga, koma akatapa dothi kumtapo, nalisinja, nalichotsa timiyala, amalikweza ndi zala zokha, dzanja lina m'kati lina kunja, akusalaza ndi chitsononkho, kufikira mimba ya mbiya itatuluka yolingana mbali zonse. Ikauma pang'ono pamthunzi amaikulungiza ndi nsangalabwi, naitema mphini zowerengeka m'khosi, chifukwa ulemerero wa mbiya yathu uli m'thupi lake, ndipo zolemba zikachuluka nthawi zambiri zimabisa chilema.

Apa ndi pamene ena oumba a lero aperewera. Pothamangira tsiku la msika amaotcha mbiya isanaumitsitse, thako lochindikala, mlomo wopendekeka. Ukaigogoda ndi chala imangoti phu, pamene yopsa bwino imalira ngwee. Yotereyi ingathe kusunga madzi chaka chimodzi, koma siidzasiya phale loti adzukulu adzalitole ndi kunena kuti pano panali mmisiri.

Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ntchito za manja awo n'chimodzimodzi. Chifukwa chake, inu a ku Bowe, khasu likavundukula phale m'munda musaliponye kuthengo. Lionetseni kwa ana amene akuphunzira kuumba, aone makulidwe ake ndi malembedwe ake, ndipo malowo muwadziwitse a nyumba yosungira zakale.