Dinar, Krugerrand ndi Thukuta la ku Joni

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, takhala tikumva ophunzira athu a m'madrasa a ku Mponela ndi ku Ntchisi akunena kuti ndalama ya golide ndiyo ndalama ya Chisilamu, yopanda ndale, ndipo woigula watsitsimutsa Sunnah. Nkhawa yawo tikuimvetsa, pakuti ndalama ya fodya imatha mphamvu mvula isanagwe. Koma mawuwa sakugwirizana ndi mbiri.

Mtumiki (SAW) sanasule ndalama yakeyake. Ku Madina anthu ankagulira dinar ya Aroma a ku Byzantium, yokhala ndi nkhope ya mfumu yawo ndi mtanda, ndipo mtengo wake unkadziwika pa sikelo. Dinar ya malemba okhaokha inabwera m'chaka cha 77 Hijri (697), pamene Khalifa Abd al-Malik ibn Marwan anachotsa zithunzi n'kulembapo mawu a Tawheed m'Chiarabu. Potero anawauza Aroma kuti ulamuliro uli ku Damascus. Imeneyo inali ndale.

Krugerrand, yomwe abale athu a ku Joni amaitama, nayonso ili ndi ndale zake. Inayamba kusulidwa mu 1967, ili ndi nkhope ya Paul Kruger, mtsogoleri wa Mabunu, ndipo inathandiza boma la tsankho kugulitsa golide wake kunja, mpaka America inaletsa kuilowetsa m'dziko lake mu 1985. Nanga golideyo anakumba ndani? Ena mwa okumbawo anali azibambo a m'mapiri athu ano, omwe anapita kumigodi kudzera ku Wenela. Mu April 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 akuchokera kumigodiko, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoyi.

Fiqh siyang'ana nkhope ya pa ndalama, imayang'ana kulemera kwake. Nisaab ya golide ndi mithqal 20, pafupifupi magalamu 85. Krugerrand imodzi ili ndi magalamu 31.1 a golide weniweni, choncho wosunga zitatu kwa chaka chathunthu cha Hijri apereke Zakaat ya 2.5 peresenti. Woigula ndi makwacha alipire ndi kulandira pa malo amodzi. Kuitenga pangongole kapena kulipira pang'onopang'ono ndi riba. Komanso ma ulama ambiri a masiku ano amagamula kuti ndalama ya pepala ili ndi malamulo omwewa.

Kugula golide pofuna kuteteza chuma ndi halaal, ndipo sitikuletsa aliyense. Chimene tikutsutsa ndi kuveka malonda dzina la Sunnah, chifukwa dzinalo limagonetsa mtima: munthu amasiya kufunsa za Zakaat, za riba, ndi za malipiro a wokumba. Aphunzitsi anzathu, pophunzitsa khomo la Zakaat, fotokozaninso za Abd al-Malik ndi za Wenela, kuti mwana wa ku Dowa adziwe kuti golide ameneyu anadzera m'manja mwa agogo ake.

Allah ndiye Wodziwa koposa.