Katani ndi Bwalo: Kuunika Ntchito ya Nsalu m'Zisudzo za ku Zambia

Liwu lakuti "katani" tidabwereka ku Chingerezi, ndipo nsalu yakeyo tidailandira pamodzi ndi nyumba za zisudzo zomwe azungu adamanga m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, monga Lusaka Playhouse ndi Kitwe Little Theatre. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti katani ndi lamulo lomwe limauza woonerera malo ake, ndiponso kuti magulu athu akamaigwiritsa ntchito mosaganizira amaononga mayendedwe a sewero.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti m'nyumba zoterezi nsalu ili ndi ntchito zenizeni. Katani yakutsogolo imabisa anthu okonza nsanja ndi kugawa sewero m'zigawo. Nsalu zakuda za m'mbali zimabisa osewera oyembekezera kulowa. Nsalu zochindikala zimameza mawu kuti asamabwerere kuchokera kuzipupa. Palinso nsalu yopyapyala yomwe imaoneka ngati khoma nyali zikaiwalira kutsogolo, koma imaonetsa za kuseri kwake zikayatsidwa kumbuyo. Komabe zonsezi zimafuna chipinda chamdima, magetsi, ndi anthu okhala mbali imodzi ali chete.

Pabwalo la m'mudzi zinthu sizitero. Mu Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, kubisa kulipo ndithu, koma chobisacho chili pathupi la chilombo: nsanza, masaka, nthenga ndi makoko a chimanga. Pakati pa chilombo ndi anthu palibe chotchinga. Ng'oma ndiyo imalengeza kufika kwake, ndipo amayi oimba ndi kuomba m'manja ali m'kati mwa gulemo. N'chimodzimodzinso ndi nthano, momwe omvera amayankha kuti "tili tonse" kuti wokamba apitirize. Ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia amene adayambitsa Chikwakwa Theatre mu 1969 pamodzi ndi mphunzitsi wawo Michael Etherton adalimvetsa bwino phunziro limeneli: bwalo lawo lidali lapamtetete, ndipo masewero awo ankapita nawo kumidzi komwe kudalibe nsanja kapena katani.

Chotidetsa nkhawa ndi zomwe timaona kawirikawiri m'maholo a sukulu ndi m'mipikisano ya zisudzo. Sewero lolembedwa m'Chinyanja, lokhala ndi nyimbo ndi magule, limadulidwa ndi katani pakutha pa kachigawo kalikonse, chifukwa chongofuna kusuntha tebulo ndi mipando iwiri. Oonerera amene adayamba kale kuvomera nyimbo amatsala akuyang'ana nsalu yosalankhula, nayamba kucheza zawo. Katani ikatsegulidwanso, wosewera amayambiranso kukoleza moto womwe udali utayaka kale. Apa nsaluyo yagwira ntchito yotsutsana ndi chilankhulo cha seweroli, pakuti mawu akuitana anthu kuti alowe, pomwe katani ikuwatsekera kunja.

Sitikunena kuti nsalu ichotsedwe. Mitundu ina idapeza njira zoigwiritsira ntchito popanda kumanga nayo mpanda. M'masewero a Kathakali a ku Kerala, ku India, anthu awiri amanyamula nsalu m'manja, ndipo wosewera amaigwedeza nadzionetsa pang'onopang'ono, kotero kuti kubisako kumakhala mbali ya sewero. Ku Germany, Bertolt Brecht ankakonda katani yaifupi yoyenda pawaya, kuti oonerera aziona kuti kuseri kuli anthu ogwira ntchito, osati matsenga.

Ifenso tili nayo nsalu yotere, yomwe ndi chitenje. Osewera awiri akachitambasula chimakhala khomo la nyumba. Akachigwedeza pansi chimasanduka mtsinje. Mayi akachimanga kumsana aliyense amadziwa kuti wabereka mwana. Akachifunditsa munthu wogona, bwalo lonse limadziwa kuti pagwa maliro. Kusintha konseku kumachitika anthu akuona, nyimbo isanaleke. Tichenjeze chabe kuti chitenje chili ndi mawu akeake. Chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa chipani kapena chizindikiro cha mpingo chimanena zomwe wolemba sewero sadafune kunena, choncho wotsogolera sewero achisankhe mosamala monga momwe mlembi amasankhira mwambi.

Pomaliza, tikupempha aphunzitsi a zisudzo ndi oweruza mipikisano kuti asamayese kukhwima kwa gulu poona kukongola kwa katani yake. Funso loyenera kufunsa pa nsalu iliyonse ya pansanja ndi lakuti ikubisa chiyani, ndipo kubisako kukuthandiza nkhani kapena ayi. Ngati sewero likufuna kuti anthu avomere nyimbo, katani ikhale yotsegula kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.