Nyumba ya othawa kwawo tiyiyeze ndi chigafa

Sabata ino tisiye kaye ndakatulo, anzanga, tiunike nyumba. Nayonso ili ndi woilemba ndi woilembera, kungoti ikalembedwa molakwika mwana amagona m'madzi.

Ngati munadutsako ku Santhe kapena ku Chamama m'boma la Kasungu nthawi yothyola fodya, munaona zigafa. Chigafa sichokongola ayi, koma chimadziwa kwawo. Denga la udzu limatsika kuti mvula isamenye fodya, m'mbali mumakhala motseguka kuti mphepo idutse, ndipo mphanda ikadyedwa ndi chiswe mwini wake amaisintha tsiku lomwelo. Pamenepa tikupezapo mafunso atatu oyezera nyumba iliyonse ya othawa kwawo. Kodi ikudziwa nyengo ya malowo? Zomangira zake zikupezeka pafupi? Nanga wokhalamo angaikonze yekha?

Yambani ndi tenti. Kumayambiriro a 2025 anthu othawa zipolowe za chisankho ku Mozambique anawaika m'matenti ku Nyamithuthu, m'boma la Nsanje. Tenti imaimikidwa msanga, ndipo usiku woyamba imapulumutsa moyo, izi sitingatsutse. Koma inu mukuidziwa Nsanje. Masana lona amasanduka uvuni, ndiye mayi wa khanda amathawira pansi pa mtengo. Funso loyamba tenti yalephera.

Ndiye pali nyumba yotchuka ija ya Better Shelter, imene inapangidwa ku Sweden ndi thandizo la IKEA Foundation ndi UNHCR. Imabwera m'makatoni awiri, ili ndi mafelemu achitsulo, makoma apulasitiki, chitseko chokiya ndi kasola kounikira. Mu Januwale 2017 Design Museum ya ku London inaipatsa mphoto. Chitseko chokiyacho ndichiyamikire, chifukwa kwa mtsikana wogona mumsasa si nkhani yamasewera. Komabe mu Disembala 2015 mzinda wa Zurich unakana kugwiritsa ntchito nyumba 62 zoterezi zitalephera mayeso a moto. Kuno kwathu vuto ndi lina. Khoma lapulasitiki likang'ambika, mukagula kuti linzake, pa Mponela? Komanso anaipanga kuti ikhale zaka zitatu basi.

Pa zaka zitatuzo m'pamene pagona nkhani. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, kumene nthawi ya Kamuzu kunali ndende ya andale, unatsegulidwa mu 1994. Anaukonzera anthu 10,000 mpaka 12,000, lero muli oposa 50,000, ndipo mu Meyi 2023 boma linabwezeretsanso kumeneko ena amene ankakhala m'matauni. Mwana wobadwira mumsasawu chaka choyamba pano ali ndi ana ake. Mungamuuze kuti nyumba yake ndi yongoyembekezera, eti?

Anthu a ku Dzaleka anayankha okha. Anaumba zidina ndi dothi la pomwepo, n'kufolera ndi udzu, lona kapena malata malinga ndi thumba. Khoma la dothi limasunga kutentha m'chisanu cha Juni cha ku Dowa, ndipo limazizira mu Okutobala. Likang'aluka, amata. Kwa ine iyi ndiyo yakhoza mafunso onse atatu kuposa zinzake. Chikuigwetsa ndi kuthithikana. Nyumba ya zidina imafuna khonde, denga lotulukira kunja ndi ngalande yochotsa madzi. Pamene makoma agundana, madzi a padenga lanu amakadya maziko a mnansi wanu, ndipo moto ukabuka suona malire.

Musati ndikutamanda za makolo mwachimbulimbuli. Chigafa chomwecho chadya mitengo yambiri ku Kasungu, ndipo anthu 50,000 atati adule mphanda, Dowa yatsala mbee. Izi zinachitika ndi othawa nkhondo a ku Rwanda m'ma 1990. Anapatsidwa malona n'kuyamba kudula mitengo, atapatsidwa mapaipi a aluminiyamu anawagulitsa n'kubwereranso kunkhalango. Shigeru Ban, katswiri wa zomangamanga wa ku Japan, anayesa mizati ya mapepala okulunga mumsasa wa Gihembe mu 1999. Chimene ndimamutamira si mapepalawo, koma kuti anayamba waona zimene anthu akuchita ndi zomwe apatsidwa.

Chigamulo changa nachi. Tenti ikhale ya masabata oyamba. Zikapitirira apo, ndalama zoitanitsira nyumba za m'katoni zigule malata, zikhomo, chitseko chokiya ndi mbande za mitengo, ndipo boma lipereke malo okwanira khonde ndi ngalande. Omanga alipo kale mumsasamo.

Inu a ku Nsanje, Neno ndi Karonga, kumene kwafikirako othawa kwawo, nyengo yanu si ya ku Dowa. Tatiuzani, kwanuko nyumba yokhoza mafunso atatuwa ingaoneke bwanji?