Anatijambula, Koma Sanatimve

Sabata yatha ndinakwera minibasi ku Limbe kupita kwathu ku Thyolo kukaona amalume. Anapuma kalekale ntchito yothyola tiyi, ndipo zala zinawauma moti banjo sangaikhwatchenso. Koma m'zaka za m'ma 1980, mwezi ukatha anthu atalandira pa esiteti, ankautsa fumbi ndi iwowa ndi anzawo atatu. Banjo yawo inali ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, kuphatikiza ng'oma ya chikopa cha mbuzi ndi maseche.

Macheza atafika pakati, anatsegula Baibulo n'kutulutsamo kachidutswa ka nyuzipepala kofiirira ndi ukalamba. Pali chithunzi cha anyamata anayi, pansi pake mizere itatu ya Chingerezi yonena kuti gulu lina la kumudzi linasangalatsa alendo. Dzina la amalume analilemba molakwika.

"Mphwanga," anatero, "munthu uja anabwera ndi kamera, akuti imani apa, sekererani. Anandifunsa kuti ndili ndi ana angati. Koma nyimbo imene tinaimba tsiku lija sanafunse kuti ikunena chiyani."

Nyimboyo inkanena za fisi amene anapatsidwa ntchito yowerenga mbuzi. Aliyense wosenza dengu m'munda wa tiyi ankadziwa kuti fisiyo ndi kapitawo wina wa pa sikelo, amene makilogalamu ankachepa akangofika m'manja mwake. Anthu ankavina uku akutsinana. Mtolankhani yekha ndi amene anabwerera ku tawuni asanamve kanthu.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa ndi masamba a zamsangalutso. Timalemba za oimba, koma za nyimbo ayi. Timadziwa amene wakhazikitsa chimbale, amene wakwatira, amene watukwanizana ndi mnzake, koma kawirikawiri sitiuzidwa chimene chili m'nyimbomo, mmene yamangidwira, ndi chifukwa chake ikugwira mtima kapena ikulephera.

Taonani Alan Namoko, mwana wa konkuno ku Thyolo, wosaona, amene ankaimba ndi gulu la Chimvu River Jazz Band. Nyimbo ngati Lameki ndi Achilekwa zinafika paliponse pamene wailesi ya MBC inkamveka. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992 kudzera ku Pamtondo, kampani ya Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland. Namoko anamwalira mu 1995 ali wosauka. Funsani mnyamata aliyense lero, ngati akumudziwa n'komwe, akuuzani zinthu ziwiri: anali wosaona, anafa wosauka. Basi. Nanga banjo ija, imene imathamanga ngati ikuthawa koma osaphonya ng'oma? Nanga mawu okhuthala aja, ndi mmene ankasinthira pakati pa Chilomwe ndi Chichewa? Umenewo ndiye Namoko, ndipo ndi umene tikanayenera kuphunzitsidwa kuumva. Chisoni tinamumvera, koma chisoni si kumvetsera.

Kunena chilungamo, atolankhani a nthawi ya amalume anali ndi chowiringula. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo linalipo kuyambira 1968. Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa Kamuzu, wailesi inali imodzi, kanema kunalibe. Jack Mapanje, wolemba ndakatulo, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991. M'dziko lotero, kumasulira fisi wa m'nyimbo kunali kudziputira nkhani, komanso kumuika woimbayo pamoto. Mwina mtolankhani uja anamva ndithu, n'kusankha kufunsa za ana. Nditawauza zimenezi, amalume anaseka. "Ngati anamva, bwenzi atanditsinako."

Koma kuyambira 1993 ndi 1994 pakamwa panatseguka. Kunabwera The Nation ndi manyuzipepala ena ambirimbiri, kenaka mawailesi, kenaka TVM mu 1999. Makaseti ankagulidwa ngati mandasi kwa O.G. Issa. Mantha anachepa, malo olembapo anachuluka, koma chizolowezi chija sichinachoke. Alipo olemba amene ayesetsa kuunika nyimbo mozama, sindikukana, ndipo ena akupitiriza mpaka lero. Koma nkhani yodzaza tsamba imakhala yomweyo: shoo inali bwino, anthu anavina mpaka m'mawa, woimba wathokoza omutsatira. Mungathe kuchotsa dzina la woimba n'kuikapo lina, nkhaniyo osasintha ngakhale pang'ono.

Chowawa n'chakuti zolemba zozama zilipo, koma zili kutali ndi ife. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 ndipo anawalembera buku lonse. Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka anathera zaka zambiri akujambula ndi kufufuza nyimbo zathu. Lwanda nayenso walemba zambiri. Koma ntchito zimenezi zambiri zili m'Chingerezi, m'mabuku a kuyunivesite. Amalume sangaziwerenge, ndipo inu ndi ine sitikumana nazo pa foni. Woimba amaimba m'Chichewa kapena m'Chilomwe, oyamba kumumva ndi amayi othyola tiyi, koma chiweruzo cha luso lake chimalembedwa m'chilankhulo chimene iye sakumva.

Ndisaloze ena okha chala. Ifeyo a pa Facebook ndi TikTok tikuchita zomwezo, mwinanso kuposa. Mu 2020 Patience Namadingo atajambula nyimbo ndi agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, Linny Hoo inazungulira dziko lonse lapansi. Tinalemba chiyani? Zimene ndinawerenga ine, ndi zimene ndinalemba ndekha, zinali za zaka zawo, za kuchuluka kwa oonera, za ndalama zimene apeza kapena sanapeze. Nkhani zofunika ndithu, makamaka ya ndalamayo, paja COSOMA ilipo kuyambira 1992 pa chifukwa chomwecho. Koma ndani anakhala pansi n'kutifotokozera chimene chimachititsa kuti munthu wosamva Chichewa abwereze nyimbo ija kakhumi? Kamera ija ya m'ma 1980 tangoilowetsa m'thumba, funso likadali la ana angati.

Sindikupempha zovuta. Ukafuna kulemba za nyimbo, imvere kasanu usanagwire foni. Tiuze chida chimene chikutsogolera, pamene mawu akukwera, mwambi umene wabisidwamo, ndi amene akunenedwa. Ngati ng'oma ya pakompyuta yaphimba mawu, nena. Ngati woimba wabwereza zimene anaimba chaka chatha, nenanso, ngakhale ali mnzako. Kumuuza woimba kuti apa walakwitsa ndi ulemu woposa kumujambula akusekerera, chifukwa zikusonyeza kuti unamumvetsera.

Ndisananyamuke ndinawapempha amalume kuti andiimbire ya fisi ija, ndijambule pa foni. Anayamba bwinobwino, akumenya tebulo ndi chikhatho m'malo mwa ng'oma. Ndime yachitatu inawathawa. Anayesa kawiri, osatheka. Anzawo atatu aja onse anatsogola, ndipo nyimboyo sinajambulidwepo pena paliponse.

Anapinda kapepala kaja n'kukabwezera m'Baibulo. "Ukalemba," anatero, "uyambe ndi nyimboyo. Za ana anga anthu akuzidziwa kale."