Nkhondo ya pa Kompyuta ndi Asilikali Amene Anaiŵalika

Loŵeruka madzulo, anthu ataŵeruka m'minda ya tiyi, anyamata a kuno kwa Mphuka amasonkhana pa kagolosale kamene kali ndi sola yotchajira mafoni. Pamenepo pamabuka mkangano wosatha: kodi maseŵera a nkhondo okoma koposa ndi ati? Tikunena maseŵera aja amene woseŵera amaona bwalo la nkhondo ndi maso a msilikali, mfuti ili patsogolo pake. Achichepere amakokera ku Call of Duty: Mobile, imene inatuluka mu 2019. Okulirapo, amene anaphunzirira pa makompyuta akale obwera ndi abale a ku Joni, amaumirira kuti zabwino zinali zakale. Akulu anati chakonda mnzako mlekere. Komabe chimene munthu wakonda m'maseŵera otere chimaulula mmene iye amaiganizira nkhondo, motero n'koyenera kuti tichiunike.

Tiyambe ndi zakalezo. Masiku amenewo opanga akaona kuti maseŵera ayenda malonda, ankatulutsa chigawo choonjezera, chogula padera, chimene sichinkaseŵereka popanda choyambacho. Medal of Honor: Allied Assault ya mu 2002 inalandira zigawo ziŵiri: Spearhead, yochokera ku Normandy kukafika ku Berlin, ndi Breakthrough ya mu 2003, yoyambira ku Tunisia kukathera ku Italy. Amene anakochezapo pa gombe la Omaha m'maseŵeraŵa saiŵala mantha ake. Koma kaŵirikaŵiri msilikali mmodzi amaloŵa yekha mu msasa wa adani n'kuwapululutsa onse, ndipo mnyamata amachokapo akuganiza kuti nkhondo ndi bwalo loonetserapo chamuna. Battlefield 1942 inapitirira apo. Chigawo chake cha Secret Weapons of WWII, cha mu 2003, chinapatsa msilikali makina omangirira kumsana oulukira m'mwamba. Apo nkhondo inasanduka chidole chenicheni.

Ife tikafunsidwa, timasankha Call of Duty yoyamba ya mu 2003 pamodzi ndi chigawo chake cha United Offensive cha mu 2004. Chifukwa chake n'chakuti mmenemo kaŵirikaŵiri woseŵera sakhala yekha, ndiponso sakhala wamkulu. Ku Stalingrad amaoloka mtsinje wa Volga ali wopanikizana ndi anzake m'bwato, ndipo pofika tsidya amapatsidwa zipolopolo zokha, mfuti ayi. Mu United Offensive amabisala m'dzenje lozizira pafupi ndi Bastogne, kenaka m'ngalande za ku Kursk, moyo wake uli m'manja mwa mnzake wa pambali. Wothyola tiyi amene anasenzapo dengu lolemera mvula ikugwa, kapitawo ali kumbuyo, angamvetse msilikali wotere: munthu wamba, wotumidwa, wosafunsidwa maganizo ake.

Koma ngakhale maseŵera amene tawakondaŵa ali ndi chilema. Zigawo zonse tatchulazi zinaonjezera mizinda, akasinja ndi ndege, koma palibe chimene chinaonjezera agogo athu. Chikhalirecho asilikali a ku Nyasaland, a gulu la King's African Rifles, anamenya nkhondo yomweyo: ku Moyale mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu likuchitira umboni mpaka lero. Pa nkhondo yoyamba ija, imene inafika pa Karonga mu September 1914, anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga. Analibe mfuti, anali ndi katundu pamutu, njala, ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata chaka chomwecho kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene sinali yawo. Ndani adzapange maseŵera amene woseŵera ali wamtengatenga? Mwina sangayende malonda, pakuti mulibe kuwombera. Apa m'pamene tionera kuti chimene maseŵeraŵa amagulitsa si nkhondo yonse, koma kachigawo kake kosangalatsa kokha.

Sitikunena kuti n'zosatheka. Battlefield V ya mu 2018 ili ndi nkhani ya asilikali a ku Senegal amene anamenyera dziko la France mu 1944, ndipo imaonetsa mmene anaŵapeputsira ndi kuŵaiŵala. Ngati a ku Senegal anakumbukiridwa, a ku Zomba angakumbukiridwenso.

Sitikuletsanso ana kuseŵera. Makolo athu nawonso anasandutsa usilikali kukhala seŵero: beni, malipenga ndi mganda ndi magule otsanzira perete wa asilikali. Koma ambiri mwa ovina oyambawo anali ataonako okha, kapena analira maliro a amene sanabwerere. Mnyamata wa lero akaphedwa pa foni amadzuka pompo n'kuyambiranso. Akuluakulu a m'boma lino la Thyolo, amene anaona othaŵa nkhondo ya ku Mozambique akuoloka Ruo isanathe mu 1992, akudziŵa kuti wakufa sadzukanso kudzayambiranso.

Choncho inu makolo, musangolanda foni, ndiponso musangoyang'ana kumbali. Khalani pansi ndi mwana wanu, mumfunse maseŵera amene amakonda ndi chifukwa chake. Akanena kuti amakonda amene amaphamo ambiri, mufotokozereni za agogo ake. Ndipo inu anyamata, tsiku lina mukadzafika ku Zomba, mukaime pa nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles, muŵerenge maina olembedwa pamenepo. Mukadzabwerera pa kagolosale paja, mkangano wanu udzakhala wina.